ZA AKAZI M'MISASA YA OTHAWA: PHUNZIRO LOCOKERA KU COX'S BAZAR

Pamene nkhondo kapena cigumula capitikitsa anthu m'midzi mwao, nakaunjikana pamalo amodzi opanda nyumba, kawirikawiri amadza madotolo ndi anamwino ocokera ku maiko ena kudzawathangata. Zinthu zoyamba zimene alendo otere amazisamala ndizo madzi akumwa, cakudya, zimbudzi, ndi nthenda zija zopatsirana zimene zimatha anthu ambiri m'masiku owerengeka. Palibe munthu wanzeru angawatsutse pa ici. Koma m'khamu lomwelo mumakhala akazi apakati, ena a miyezi iwiri, ena otopa kale. Ndipo tsiku la mwana likakwana palibe amene angalibweze m'mbuyo, mai angakhale ali panjira kapena m'matope. Phunziro lathu la mwezi uno liri la akazi amenewa, ndi la zimene zinacitika pamene anthu anayesa kuwakumbukira m'msasa wa othawa waukuru woposa yonse ya pa dziko lapansi.

Tiyambe ndi caka ca 1994. M'mwezi wa July caka cimeneco, kutatha kuphana koopsa kwa ku Rwanda, anthu pakati pa 500,000 ndi 800,000 anaoloka malire m'masiku ocepa, nalowa ku Goma, m'dziko limene nthawi imeneyo linachedwa Zaire. Nthaka ya kumeneko ndi thanthwe lolimba losakumbika cimbudzi, ndipo anthu onse aja anamwa madzi a m'nyanja ya Kivu osaphitsa. Kolera ndi kamwazi zinawagwera, ndipo m'mwezi woyamba wokha anafa anthu monga 50,000. Pamalo potere, pamene mitembo inalikugona m'mbali mwa mseu, ndani akanafunsa za cikuta? Comweco cinali cizolowezi ca athangati m'maiko ambiri: nkhani ya ucembere anaiyesa yakuti idikire kufikira zinthu zitakhazikika. Koma m'caka comweco, m'mwezi wa September, maboma 179 anasonkhana ku Cairo, nabvomerezana kuti akazi othawa nkhondo ayenera kulandira cisamaliro ca ucembere monga akazi ena onse. M'caka ca 1995 mabungwe a United Nations ndi mabungwe ena othangata anapangana kugwira nchito imeneyi pamodzi, nalemba zinthu zowerengeka zimene siziyenera kudikira konse. Malangizo a masiku ano amati zinthu zimenezi ziyambe m'masiku awiri oyamba a tsoka.

Tsono taonani kawerengedwe kamene athangati amagwira nako nchito pofika pamalo pamene anthu sanawerengedwe. Amati mwa anthu 100 alionse, akuru ndi ana pamodzi, akazi apakati amakhala monga 4. Ndipo mwa akazi apakati 100, monga 15 adzaona zobvuta zofuna dzanja la munthu wodziwa, zina mwa izo zofuna mpeni wa dotolo. Coopsa cace ncakuti palibe mzamba angathe kuloza kale kuti 15 aja ndi uyu ndi uyu. Nchembere imene inacira bwinobwino kasanu ingathe kutaya mwazi pa mwana wacisanu ndi cimodzi. Ndipo zobvutazi ziri ndi liwiro losiyana. Mwazi woturuka mwana atabadwa ungathe kupha mai m'maora 2 okha. Nthenda ya kukomoka ndi kuphupha, imene imayamba ndi kutupa nkhope ndi manja, mutu waukali ndi kuona cimbuuzi, imatha munthu monga m'masiku 2. Mwana wokanika kuturuka amapha amace monga m'masiku 3. Ndipo mai akapulumuka, nthawi zina amatsala ndi ciboo ca m'kati cochedwa fistula, cakuti mkodzo umangodontha usana ndi usiku, kufikira abale ace omwe ayamba kumsala cifukwa ca pfungo. Kutentha thupi kodza ndi kuola kwa m'ciberekero kumacedwerapo, monga masiku 6. Amene wamvetsa ziwerengero izi wamvetsa kuti cipatala cabwino cimene ciri kutali, kapena cotsekedwa usiku, sicingapulumutse mai wotaya mwazi.

Tsopano tinke ku Asia. Arohingya ndi mtundu wa Asilamu wokhala m'cigawo ca Rakhine, m'dziko la Myanmar, limene akale analicha Burma. Lamulo la caka ca 1982 linawasiya osawerengedwa ngati nzika za dzikolo, ngakhale makolo ao anabadwira momwemo. Munthu sakanatha kucoka m'dera lace kunka ku cipatala ca kutali wopanda kalata ya cilolezo, ndipo m'madera ena munali lamulo lakuti banja lisapose ana awiri. Cifukwa cace akazi ambiri a mtundu uwu anakula osalowapo m'cipatala, ndipo iwo ndi ana ao sanalandire katemera. Pa 25 August 2017 gulu la Arohingya onyamula zida linathira nkhondo malo a apolisi, ndipo asilikari a boma anabwezera ndi kutentha midzi. Bungwe la madotolo lochedwa Médecins Sans Frontières, litafunsa mabanja a othawa, linapeza kuti m'mwezi woyamba anaphedwa anthu osacepera 6,700, mwa iwo ana 730 osafika zaka 5. Anthu oposa 700,000 anathawa m'miyezi yocepa, ena pa miyendo kupyola m'nkhalango, ena m'ngalawa kuoloka mtsinje wa Naf, nafika m'boma la Cox's Bazar m'dziko la Bangladesh. Oposa theka anali akazi ndi asungwana. Mukawerenga monga tanena paja, khamu lotere likhala ndi akazi apakati monga 28,000, ndipo mwa iwo oposa 4,000 oti adzaona zobvuta. Uku ndi kuyerekeza cabe, koma ndiko kumene athangati anayamba nako.

Malo amene anthuwa anamanga, ku Kutupalong ndi ku Balukhali, anali timapiri ta dothi ndi chire. M'masabata ocepa mitengo inatha, ndipo timapiri tonse tinadzala ndi tizisakasa ta nsungwi ndi malona, tothithikana kotero kuti galimoto silikanalowa. Njira zace zinali tinjira ta mapazi tokwera ndi kutsika, ndipo mvula ya kumeneko, imene imagwa kolimba kuyambira June kufikira September, imasandutsa tinjira totere kukhala matope oterera. Wodwala anamnyamula amuna awiri pa mpando kapena m'bulangete lomangirira ku nsungwi, monga macila.

Cinthu coyamba cimene athangati anagawira akazi otopa cinali kathumba kakang'ono, ndipo ndifuna kuti tikhalepo pang'ono pa iko, pakuti kali ndi nzeru yambiri. M'katimo muli sopo, pepala la pulasitiki loyala pansi, lumo latsopano, timaulusi tomangira mcombo, magolovesi, nsaru zoyera zopukutira ndi kufunditsa mwana, ndi kapepala ka zithunzi kosonyeza kacitidwe kace, cifukwa ambiri sadziwa kuwerenga. Wina adzati, Kodi madotolo anaoloka nyanja kudzapereka sopo ndi lumo? Inde, ndipo anacita bwino. Pakuti tizirombo timene timaoletsa ciberekero timalowa ndi manja osasamba ndi pansi pauve. Ndipo kafumbata, amene amaumitsa nsagwada za khanda kuti lisayamwe, amalowa pa mcombo wodulidwa ndi mpeni wakale kapena nsungwi yotola pansi, kapena wopakidwa dothi ndi phulusa. Agogo athu anaona makanda ambiri akufa motero sabata lisanathe, naicha imfayo maina ena. Kathumba aka kamabvomereza coonadi cimene athangati ena sakonda kucimva, cakuti m'masabata oyamba a tsoka akazi ambiri adzacirira m'nyumba, cipatala cikhalepo kapena cisakhalepo. Koma mphamvu yace iri ndi malire. Sopo saletsa mwazi, ndipo lumo silituritsa mwana wopingasa.

Za mwazi pali mankhwala. Oposa onse ndi jekeseni ya oxytocin, imene mzamba amabaya mai mwana atangobadwa, kuti ciberekero cikhwinyate ndi kutseka mitsempha. Cobvuta cace ncakuti mankhwala awa amafuna kusungidwa pozizira, ndipo m'msasa wotentha wopanda magetsi amatha mphamvu mwakacetecete, botolo likuoneka bwinobwino. Cifukwa cace pamalo popanda firiji amagwiritsa nchito mapiritsi a misoprostol, amene sacepa mphamvu msanga ndi kutentha ndipo safuna singano. Nthenda ya kukomoka amaigonjetsa ndi jekeseni ya magnesium sulphate, yosakwera mtengo konse. Koma mwana wokanika afuna cipinda ca opaleshoni, dotolo wodziwa kung'amba, nyali yosazima, ndi mwazi woyesedwa bwino wakuthira mai. Izi sizipezeka m'kacipatala ka lona, ndipo cifukwa cace payenera kukhala njira yokonzeka yotumizira mai ku cipatala cacikuru usana ndi usiku.

Nanga akaziwo anadza? M'mwezi wa May 2018 bungwe la UNICEF linalengeza kuti m'miyezi 9 anabadwa ana oposa 16,000 m'misasamo, ndiko kunena monga 60 tsiku liri lonse, ndi kuti mwa iwo monga 3,000 okha anabadwira m'cipatala. Mwa ana asanu, anai anabadwira pansi m'cisakasa. Pamenepo zipatala zinalipo, azamba analipo, ndipo cithandizo cinali caulere. Apa ndipo pali mtima wa phunziro lathu.

Zifukwa zina nzapoyera. Zowawa za kubala zimakonda kuyamba usiku, ndipo usiku msasa unali mdima wokhawokha. Anchito ambiri ocokera kunja anayenera kuturuka m'msasa dzuwa lisanalowe, ndipo tizipatala tambiri tinali totseka. Koma zifukwa zina zinali za mumtima. Anthu amene boma la kwao linawawerengera ana, ndi kuwalanga cifukwa ca kubala, sangakhulupirire msanga munthu wobvala zoyera wolemba maina m'buku. Mbiri inayenda m'msasa yakuti wolowa m'cipatala amamng'amba, ndi yakuti akaturuka sadzabalanso. Ndiponso mwambo wa Arohingya ndi wakuti mkazi wamkuru asaonekere kwa amuna acilendo, ndipo poturuka abvale cobvala cacitali cophimba thupi lonse. Ambiri anathawa ndi nsaru ya m'thupi yokha, kotero kuti akazi angapo analikubwerekana cobvala cimodzi, ndipo amene analibe anangokhala m'cisakasa, angakhale akudwala. Kuonedwa ndi dotolo wamwamuna pa nthawi ya kucira kunali manyazi osaneneka. Pamwamba pa izi, mai sanali mwini mau. Anayenera kudikira mwamuna wace kapena apongozi ace kuti alole. Inu amai owerenga mudziwa nokha maora amene amatayika pamene akuru ali cikhalire kukambirana, wodwala ali kubuula m'nyumba.

Panalinso nkhani ya cinenero. Omasulira ambiri anali anthu a ku Cox's Bazar komweko, amene cinenero cao cifanana ndi ca Arohingya koma sicimodzi, ndipo ambiri a iwo anali amuna. Bungwe la Translators without Borders, posonkhanitsa mau a Arohingya, linapeza kuti liu la m'mabuku lonena za kumwezi, locokera ku Ciarabu, asungwana ambiri sakonda kulichula. Iwo amanena liu lakuti gusol, ndilo kusamba. Ife sitidabwa, pakuti m'cinenero cathu timatero momwemo. Koma lingalirani namwino wacilendo amene wamva kwa womasulira kuti msungwana uyu akuti sanasambe miyezi itatu. Akapanda kudziwa, adzampatsa sopo namuuza apite.

M'miyezi yomweyo kunabukanso nthenda ya diphtheria, imene imamera kanthu kotuwa kummero ndi kutsamwitsa ana, nthenda imene katemera anaithetsa kale m'maiko ambiri. M'mwezi wa December 2017 odwala anacuruka kotero kuti a Médecins Sans Frontières anasandutsa cipatala cao ca amai ndi ana ca ku Balukhali kukhala ca diphtheria. Sindiwaweruza, pakuti ana analikufa ndipo malo ena panalibe. Koma zisonyeza kuti ngakhale patapita zaka 23 cicitikire za ku Goma, mliri ukafika, kama wa nchembere ndiye amayamba kutengedwa.

Zosowa za mkazi sizithera pa mimba. Zimbudzi zoyamba za m'msasa zinamangidwa mofulumira, zambiri zopanda loko, zopanda nyali, za amuna ndi akazi pamodzi, ndipo amuna analikuima pamzere pakhomo. Bungwe la Oxfam linasimba m'caka ca 2018 kuti akazi ena analikudzimana cakudya ndi madzi usana, kuti asafune kuturuka kufikira mdima; ndipo zotsatira zace ndi kupweteka m'mimba ndi nthenda za m'cikhodzodzo, zimene kwa mkazi wapakati zingathe kudzetsa mwana masiku asanakwane. Nsaru za kumwezi, posowa poyanika pobisika, anaziyanika m'kati mwa cisakasa mopanda dzuwa, nazibvalanso zisanaume. Amene anamanga zimbudzizo anawerenga bwino maenje ndi anthu, koma sanafunse akazi kuti khomo liloze kuti. Pambuyo pace anayamba kugawa matumba ena okhala ndi nsaru, sopo, zobvala za m'kati ndi tochi, ndi kumanga mabafa a akazi okha.

Pali cinthu cina cowawa cimene sitingacilumphe, ngakhale nkobvuta kucilemba m'pepala lowerengedwa pabwalo. Ofufuza otumidwa ndi United Nations anatsimikiza m'caka ca 2018 kuti asilikari anagwirira akazi ndi asungwana ambiri m'midzi ya ku Rakhine, kawirikawiri pamaso pa abale ao. Mkazi wocitidwa zotere ali ndi thandizo limene limathamangitsana ndi nthawi: mankhwala ochinjiriza ku kacirombo ka HIV amagwira nchito akayambidwa maora 72 asanathe, ndipo palinso mankhwala a nthenda zina, katemera wa kafumbata, ndi kusoka mabala. Koma ulendo wa kuthawa unatenga masiku ambiri, ndipo ofika ku cipatala anafika nthawi itapita kale. Ambiri sanafike konse, poopa kuti zikadziwika sadzakwatiwa, kapena mwamuna adzawasiya. Ena ataona kuti aima, anamwa mankhwala oopsa mobisa, nafika kwa azamba ali kutaya mwazi; ndipo mzamba woona amayamba waletsa mwaziwo, osayamba ndi mafunso. Ine ndiyesa kuti manyazi a cinthu ici ali pa wocicita, ndipo mudzi umene umasala wocitidwayo umamaliza nchito imene msilikari anaiyamba. Athangati anaphunzira kuti khomo lolembedwa za nkhanza palibe mkazi adzalowapo. Cotero anamanga nyumba za akazi okhaokha, zimene Arohingya anazicha shanti khana, ndiko kuti nyumba ya mtendere, kumene mkazi angathe kunka kukapuma, kukasoka, kapena kukaceza ndi anzace; ndipo m'kacipinda ka m'kati mumakhala mzamba ndi mlangizi. Woona mkazi akulowa sangadziwe cimene wadzera.

Amene anasenza katundu wamkuru wa nchito iyi sanali madotolo ocokera kutali, pakuti iwo amakhala miyezi yocepa nabwerera kwao. Dziko la Bangladesh linayamba maphunziro a uzamba a zaka zitatu m'caka ca 2013, ndipo oyamba anatsiriza m'caka ca 2016. Cotero azamba amene bungwe la UNFPA ndi mabungwe ena anatumiza m'misasa anali asungwana ongoturuka kumene m'sukulu, kutali ndi kwao, pakati pa anthu a cinenero cina. Pamodzi nao panayenda akazi Acirohingya odzipereka, amene analowa cisakasa ndi cisakasa, kulemba apakati, kuwaphunzitsa zizindikiro zoopsa, ndi kulankhula ndi apongozi ndi amuna ao. Azamba a m'midzi, amene akazi anawadziwa ndi kuwakhulupirira kuyambira ku Rakhine, mabungwe ena anawapempha kuti akhale operekeza: zowawa zikayamba, amtenge mai ndi kunka naye ku cipatala, ndi kukhala pambali pace kufikira wacira. Njira iyi inaposa kukalipira. Zipatala zina zinayamba kutsegula usiku wonse, miseu ya njerwa inamangidwa, nyali za dzuwa zinaikidwa m'njira, ndipo patapita zaka zowerengeka ana obadwira m'cipatala anaposa theka la onse.

Koma msasa ukhala msasa. Pa 22 March 2021 moto unabuka ku Balukhali, nutentha nyumba zikwi zambiri ndi zipatala zina, pamodzi ndi ca Médecins Sans Frontières. M'caka ca 2023 ndalama za maiko othangata zinacepa, ndipo bungwe la World Food Programme linatsitsa phoso la munthu mmodzi la pamwezi kucokera pa madola 12 kufika pa 10 m'mwezi wa March, ndi pa 8 m'mwezi wa June. Phoso likacepa m'nyumba, amene amatsiriza kudya ndiye mai, ndipo mai wosadya amacepa mwazi. Mwazi umene mnzace wathanzi angautaye pocira nadzuka m'mawa mwace, kwa iye ndi wokwanira kumupha. M'caka ca 2024 phoso linabwezeredwa pang'onopang'ono, koma m'caka comweco nkhondo inakulanso ku Rakhine, ndipo mabanja ena atsopano anaoloka mtsinje wa Naf, nakapanikizana m'zisakasa za abale ao amene anafika mu 2017.